Alefa Akana Kuthira Mchere

Uyu ndi Alefa. Alefa anali kamtsikana kakang'ono. Mano ake akutsogolo anali atangoguluka. Kwawo kunali pafupi ndi Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Ndi kale limenelo. Dziko lathu lino linkatchedwa Nyasalande.

Alefa ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kukhala pafupi ndi amayi ake. Basi.

Koma pafupi ndi amayi panali munthu wina. Panali khanda! Khandalo linali litangobadwa kumene. Linali lofiira. Linalibe mano. Linalibe ngakhale dzina. Ntchito yake inali kulira.

Amayi ankagona m'nyumba ndi khandalo. Sankatuluka panja. Sankapita kudambo. Sankaseka. Anali ofooka kwambiri.

Azakhali a Maliyamu anabwera kudzathandiza. Iwo anali mlongo wawo wa abambo a Alefa. Kwawo kunali ku Songani, kufupi ndi phiri. Anali ndi mawu aakulu, koma mtima wawo unali wabwino.

Alefa anafika pakhomo.

"Usalowe, iwe," anatero azakhali. "Amayi ako akupuma."

Alefa anafikanso pakhomo.

"Kasewere uko," anatero azakhali. "Amayi ako akupuma."

"Nanga khandalo bwanji lili momwemo?" anafunsa Alefa.

"Ilo ndi khanda. Iwe wakula."

Alefa anakhala pakhonde ali ndwii. Mtima unamuwawa. Anaganiza kuti amayi amuiwala.

Azakhali anaphika phala. Amayi anakana. Azakhali anaphika mpunga. Amayi anakana. Azakhali anaphika nkhwani wotendera. Amayi anakananso.

Apa panali vuto. Mayi akapanda kudya, mkaka sutuluka. Mkaka ukapanda kutuluka, khanda limamva njala. Ndipo khandalo linkamvadi njala.

"Ng'aa! Ng'aa! Ng'aa!"

Chipatala chinali kutali, ku Zomba. Galimoto kunalibe. Azakhali anada nkhawa.

"Alamu, tanenani," anatero azakhali. "Mtima wanu ukufuna chiyani?"

Amayi anayankha ndi mawu aang'ono.

"Msuzi wa mlamba. Wotentha. Umenewo ndingamwe."

Abambo a Alefa anali a Gerishomo. Iwo anali msodzi. Ankagwira nsomba ndi miono. M'mawa anatenga bwato lawo. Anapita kukaona miono. Kunyanja kunali mphepo. Mono uwu munalibe kanthu. Mono uwo munalibe kanthu. Koma mu mono womaliza munali mlamba.

Ha! Unali mlamba waukulu. Unali wonenepa. Unali ndi ndevu zazitali.

Abambo anabwera nawo kunyumba.

"Achemwali, nawu mlamba," anatero. "Ndi womwewu. Kuno nsomba zathawa. Ndikatchera miono kutali, cha ku chilumba cha Chisi. Ndikagona konko."

Abambo anamugwira Alefa pamutu.

"Uziwamvera azakhali ako, wamva?"

Alefa anayang'ana kumbali. Abambo anali pachangu. Ananyamuka.

Azakhali anatumbula mlamba uja. Anaukhula ndi phulusa kuti usiye kuterera. Anautsuka. Anaudula zidutswa. Anauika mumphika wadothi. Anathira madzi. Anathira matimati. Anatereka mphika pamafuwa.

Moto unayaka. Mphika unawira.

Bwata! Bwata! Bwata!

Fungo linali labwino zedi. Ngakhale nkhuku zinasendera pafupi. Chinatsala chinthu chimodzi. Unatsala mchere.

Kwawo kwa Alefa kunali mwambo. Mayi akakhala ndi khanda, chakudya chake munthu wamkulu sathiramo mchere. Akuluakulu ankati dzanja la wamkulu ndi lotentha. Ankati dzanja la mwana ndi lozizira. Choncho mchere ankathira ndi mwana.

Imeneyo inali ntchito ya Alefa. Ndipo tsiku limenelo mwana pamudzi anali Alefa yekha. Ana ena onse anali kudambo. Ankaingitsa mbalame m'minda ya mpunga.

Masiku onse Alefa ankaikonda ntchitoyi. Koma lero ayi.

"Msuziwu ndi wa khanda," anatero chamumtima. "Mlamba ndi wa khanda. Amayi ndi a khanda. Lituluke lidzathire lokha mchere!"

Kuseri kwa nyumba kunali nkhokwe. Munalibe chimanga, poti anali asanakolole. Alefa anakwera pamakwerero. Analowa m'nkhokwemo. Anakhala phee.

"Alefa!" anaitana azakhali. "Dzathire mchere!"

Zii.

"Alefa iwe! Msuzi wapsa! Dzathire mchere!"

Zii.

Alefa anatseka pakamwa ndi dzanja. Ankaseka. Mwana uyu, inu!

Azakhali anasuzumira kubafa. Alefa kunalibe. Anasuzumira kukhola la nkhuku. Alefa kunalibe. Anayang'ana pansi pa mtengo wa mango. Alefa panalibe.

Azakhali anali munthu wakuphiri. Nyanja ankaiopa. Ankamva kuti m'madzimo muli ng'ona. Ankamva kuti muli mvuu.

"Mayo ine!" anakuwa. "Mwana watsatira bambo ake kunyanja!"

Azakhali anamanga nsalu m'chiuno. Anathamanga. Mphika anauiwala pamoto.

"Alefa! Alefaaa!"

Mawu awo anamveka patali. Kenako anamveka kutali kwambiri. Kenako sanamvekenso.

Alefa anamva zonsezi. Anamva kukoma. Lero munthu akumufuna!

Tsika, Alefa! Tsika msanga! Koma Alefa sanatsike.

"Andifune kaye," anatero. "Ndidikire pang'ono."

Mphika unali pamoto.

Bwata! Bwata! Bwata!

Alefa anadikira. Anadikiranso. Mphika unasintha kaliridwe.

Tsss! Tsss! Tsss!

Fungo nalo linasintha. Silinali fungo la msuzi. Linali fungo la chinthu chopserera.

Alefa anadzidzimuka. Anatsika pamakwerero. Anathamangira kumoto.

Kalanga ine! Mumphika munali utsi. Msuzi unali utaphwa. Mlamba unali wakuda bii. Unali utakakamira pansi pa mphika.

Alefa anafuna kukonza zinthu. Anatunga madzi ozizira mumtsuko. Anawathira mumphika wotenthawo.

Thwa!

Mphika unang'aluka. Madzi akuda anatayikira pamoto. Moto unazima.

Msuzi panalibe. Mlamba panalibe. Mphika panalibe.

Alefa anangoti kakasi.

Azakhali anabwerera. Miyendo yawo inali matope okhaokha. Nsalu yawo inali itang'ambika. M'maso mwawo munali misozi. Anamuona Alefa. Anakhala pansi, padothi pomwepo.

"Uli moyo, mwana iwe! Uli moyo!"

Anamukumbatira. Kenako anaona mphika uja. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Unali kuti?" anafunsa.

"M'nkhokwe," anayankha Alefa.

"Unkandimva ndikuitana?"

Alefa anayang'ana pansi.

"Ee. Ndinkakumvani."

Azakhali sanamumenye. Sanamukalipire. Anangopukusa mutu.

"Madzi akatayika saoleka," anatero.

Anaimirira. Anapita pakhomo.

"Alamu, pepani. Msuzi uja wapserera."

M'nyumba munamveka mawu aang'ono.

"Palibe kanthu."

Mawu amenewo anamuwawa Alefa kuposa mkwapulo. Khanda linalira. Koma tsopano linkalira motsitsa. Linali litatopa ndi njala.

Alefa anakhala pamtondo. Anatenga kachikho ka mchere. Anakayang'ana. Mchere unalimo. Koma pothira panalibe.

"Ndikanatsika," anatero. "Ndikanathira mchere."

Misozi inatsika.

"Ndikanatsika. Amayi akanamwa."

Nkhuku inabwera. Inajompha mlamba wopserera uja. Nayonso inausiya.

"Ndikanatsika," anateronso Alefa. Analira kwambiri. Anachita manyazi, ndipo anamva chisoni.

Kulira sikuphika msuzi. Alefa anapukuta misozi. Anapita kwa azakhali.

"Azakhali, mlamba wina tiupeza kuti?"

"Abambo ako ali kutali," anatero azakhali. "Lero sabwera."

Alefa anaganiza. Anakumbuka chithaphwi cha kudambo. Mtsinje wa Likangala ukasefukira, madzi amafika m'minda. Madziwo akamabwerera, amasiya zithaphwi. M'zithaphwimo mumatsalira timilamba.

"Azakhali, ndipite kudambo? Amalume ali kumunda wa mpunga. Akandithandiza."

Azakhali anamuyang'ana.

"Subisalanso?"

"Ayi. Sindibisalanso."

"Pita. Koma upite kwa amalume ako okha. Usapatuke."

Alefa anatenga dengu. Anathamanga. Sanapatuke.

Amalume ake anali a Mateyu. Iwo anali mlongo wawo wa amayi. Anali wamtali, wokonda nthabwala. Alefa anawapeza akuingitsa mbalame.

"Iwe Alefa, bwanji maso afiira? Wakangana ndi tsabola?"

Alefa sanaseke. Anawauza zonse. Anawauza za nkhokwe. Anawauza za mphika.

Amalume anasiya nthabwala.

"Walakwa ndithu," anatero. "Tiye kuchithaphwi."

Chithaphwicho chinali chaching'ono. Madzi ankalekeza m'mawondo mwa Alefa. Pansi panali matope oterera.

"Tivundule madzi," anatero amalume. "Madzi akada, mlamba umabwera pamwamba kudzapuma."

Anaponda. Anapondanso. Madzi anada.

Alefa anaviika dengu. Analinyamula. Munali matope.

Anaviikanso dengu. Analinyamula. Munali chule!

"Amayi ako sadya chule," anatero amalume. "Mubweze."

Chule analumpha yekha. Alefa anaviikanso dengu. Analinyamula. M'dengu munagwedezeka kanthu.

Phiriphiti! Phiriphiti!

Kanali kamlamba! Kanadumpha. Kanafuna kuthawa. Alefa anakagwira ndi manja onse awiri.

Mlamba uli ndi munga pafupi ndi mutu. Mungawo unamubaya Alefa pachala.

"Mayo!"

"Kasiye!" anatero amalume.

"Ayi!" anatero Alefa. "Ndi ka amayi."

Chala chinatuluka magazi. Koma Alefa sanakasiye. Amalume anakatenga. Anakaika m'thumba.

Anavundulanso madzi. Anaviikanso dengu. Anagwira kena. Anagwiranso kena. Kenako m'chithaphwi munatha.

Alefa anasuzumira m'thumba. Nkhope yake inagwa.

"Ndi tating'ono," anatero. "Wa abambo unali waukulu. Unali wonenepa."

"Ndi zoona," anatero amalume. "Waukulu uja wapita. Koma kamlamba nako kali ndi msuzi wake. Thamanga."

Alefa anathamanga.

Kunyumba, azakhali anatenga kamphika kena. Kanali kamphika kophikira nyemba. Anakatsuka bwino.

"Matimati atha," anatero azakhali. "Onse anapita ndi mphika uja."

"Ndikudziwa pamene ali," anatero Alefa.

Anapita kudzala, kumene ankataya zinyalala. Kumeneko kunali timatimati tomera tokha. Tinali tating'ono, tofiira psuu. Alefa anathyola todzaza manja.

Azakhali anatumbula timilamba tija. Alefa anatikhula ndi phulusa. Azakhali anathira madzi. Alefa anafinyiramo timatimati. Azakhali anakoleza moto. Alefa anauzira.

"Moto usachuluke," anatero azakhali. "Msuzi umafuna moto wofatsa."

Alefa anachotsako chikuni.

Kamphika kanawira.

Bwata! Bwata! Bwata!

Alefa anatenga mthiko.

"Ayi, usavundule," anatero azakhali. "Nsomba ingaphwanyike. Mphika wa nsomba timangougwedeza. Chonchi."

Azakhali anagwedeza kamphika pang'onopang'ono. Alefa anaonetsetsa.

Ana anabwera kuchokera kudambo.

"Alefa! Tiye tikasewere phada!"

"Sindibwera," anatero Alefa. "Ndikuphika."

Utsi unalowa m'maso. Alefa sanasunthe. Mwendo unachita dzanzi. Alefa sanasunthe. Maso ake anali pa kamphika.

Fungo labwino linabwera. Azakhali anatsegula pakamwa kuti aitane.

"Alefa, dzathi..."

Sanamalize. Alefa anali ataimirira kale. Kachikho ka mchere kanali m'manja.

Anatapa mchere ndi zala. Mchere unalowa pabala lija. Ii, kuwawa kwake! Alefa analuma mano. Anathira mchere mu msuzi.

Azakhali anagwedeza kamphika. Anatunga pang'ono ndi chipande. Anadontheza pachikhatho. Ananyambita.

"Wakolera," anatero.

Anathira msuzi m'kambale. Msuziwo unali wochepa. Unangokwana kambale kamodzi. Alefa anauyang'ana. Anakumbuka mphika waukulu uja. Mtima unamuwawanso.

Azakhali anamupatsa kambaleko.

"Nyamula wekha. Lowa."

"Ndilowe?"

"Lowa."

Alefa anayenda pang'onopang'ono. Sanataye ngakhale dontho. M'nyumba munali kamdima. Amayi anali gone pamphasa. Anali ataonda. Khanda linali pambali pawo.

Alefa anagwada.

"Amayi, nawu msuzi."

Amayi anadzuka movutika. Anatsamira khoma. Analandira kambale. Anauzira. Anamwa pang'ono.

Alefa anadikira. Azakhali anadikira pakhomo.

Amayi anamwanso. Anamwanso. Thukuta linatuluka pamphuno pawo.

"Ha!" anatero amayi. "Wafika pamtima."

Apo Alefa analephera kupirira. Analira.

"Amayi, pepani. Mlamba waukulu uja ndapsereza ndine. Ndinabisala m'nkhokwe. Ndinakana kuthira mchere."

"Ndikudziwa," anatero amayi. "Ndinakuona ukupita kuseri. Ndinamva makwerero akulira. Ndinakuitana."

"Munandiitana? Ineyo?"

"Iweyo. Lero ndinakuitana. Dzulo ndinakuitana. Dzana ndinakuitana. Koma mawu anga sankafika pakhomo."

Alefa anadabwa. Ankaganiza kuti amayi amuiwala. Chonsecho amayi ankamuitana. Ha, akanadziwa!

Azakhali anamva mawuwo. Analowa. Anagwira pakamwa.

"Inenso ndinalakwa," anatero. "Ndinkamuthamangitsa mwanayu pakhomo. Ndinkayesa ndikuchita bwino. Pepa, Alefa."

Alefa anadabwanso. Wamkulu kupepesa mwana!

Amayi anaona chala cha Alefa.

"Ichi bwanji?"

"Wandibaya mlamba."

"Wagwira wekha?"

"Ndi amalume. Koma woyamba ndagwira ndekha."

Amayi anachigwira chalacho. Anachiuzira. Kenako anatenga kambale. Anamwa msuzi wonse. Anadya ndi kansomba komwe. Anapukuta pakamwa.

"Ulipo wina?" anafunsa.

Azakhali anaomba m'manja.

"Mwamva? Odwala akufuna wina! Achira awa!"

Koma Alefa anayang'ana pansi.

"Watha, amayi. Ndikanatsika msanga, bwenzi ulipo wambiri."

"Ndi zoona," anatero amayi. "Bwenzi ulipo. Koma uwu ndamwa, ndipo wandikoma. Mawa udzandiphikiranso?"

"Ee! Mawa ndikagwira ina m'chithaphwi china. Ndi phala lomwe mudzadya?"

"Ukathira iwe mchere, ndidzadya."

Amayi anaseka. Kanali kaseko kakang'ono, koma anaseka.

Dzuwa linapendeka. Amayi anagona pang'ono. Atadzuka, ananyamula khanda. Analiika pachifuwa. Alefa anakhala pamphasa pomwepo. Anagwira kaphazi ka khandalo. Kanali kofewa, kofunda.

"Pepa, iwe," ananong'ona Alefa. "Ndakugonetsa ndi njala."

Khanda linali lotanganidwa. Linkayamwa, ndipo silinalirenso.